Zitenje za M'mimba mwa Mfumu Salakwa

Dziko la Zilibwino simungalipeze pa mapu, ndipo eni ake amati n'chifukwa choti mapepala onse a mapu ndi aang'ono. Likulu lake ndi Mwatero. Nyengo imene ndikukambayi kumeneko kunkalamulira Mfumu Salakwa Yachinayi, munthu wa mimba yake ndithu, wokonda nyama ya bakha ndi zolankhula zazitali. Sinali mfumu yankhanza ayi. Inangobadwira m'nyumba momwe panalibe anaiuzapo kuti iyayi, ndipo inakula ikuganiza kuti liwu limeneli ndi la chilankhulo cha dziko loyandikana nalo.

Mwambo waukulu wa m'Zilibwino unali wakuti mfumu simva kuwawa. Sikuti thupi lake linali lachitsulo, koma kuti panali munthu wolembedwa ntchito yoti azimva kuwawako m'malo mwake. Udindowu unkatchedwa Msenzi wa Zowawa za Mfumu. Mfumu ikadwala chimfine, Msenzi ndiye ankamwa mankhwala ndi kufunda bulangete. Ikapunthwa chala, Msenzi ankatsimphina sabata yathunthu. Dzino la mfumu likabowoka ankazula la Msenzi, ndipo wailesi ya boma inkalengeza kuti mfumu yapirira mwachamuna osagwetsa ndi msozi womwe.

Amene anali pa udindowu anali a Fanuwelo Ngozo, bambo wamtali, wofatsa, amene anali atasenza zowawa za mfumu zaka khumi ndi zinayi. Mano anali atatsala nawo ochepa. Akazi awo, Nankhoma, ankagulitsa nyemba pa msika wa Manong'onong'o, ndipo ankawakonda amuna awo ndi chikondi chaukali chija chakuti munthu akukukalipira uku akukuwonjezera ndiwo m'mbale.

Chaka chimenecho a Ngozo anayamba kudwala zenizeni. Ankamva kuwawa m'chiuno mbali ya kumanzere, mkodzo unkatuluka wofiira, ndipo lamba anaboolanso mabowo awiri atsopano. Kunyumba ya mfumu palibe anadabwa, pajatu kubuula ndiyo inali ntchito yawo. Akabuula kwambiri, Nduna ya Zaulemu, a Gwadani, ankaitana antchito ena kuti adzaone chitsanzo cha munthu wolimbikira. Mpaka anawaveka mendulo. Nankhoma ataiona menduloyo anaiponya mu thumba la nyemba zofumbwa, n'kukakhala kuseri kwa nyumba kulira, chifukwa iwo okha ndiwo ankadziwa kuti kubuula kwa ntchito ndi kwina, uku n'kwina.

Nthawi yomweyo nayo mfumu inayamba kumva china chake chikuiluma m'mimba cha kumanja, makamaka ikadya bakha. A Ngozo anawamwetsa mankhwala otsegula m'mimba, anawabaya majakisoni, anawaletsa nyama miyezi iwiri, koma mfumu sinapeze bwino. Bwalo la nduna, limene kumeneko limatchedwa Bwalo la Inde, linagwira njakata. Kenaka wina anakumbukira kuti pa chipatala cha Mubwerenso pali makina atsopano a siti sikani, mphatso yochokera ku dziko lina, ndipo anaitanitsa dokotala wa maopareshoni, Dokotala Sabina Thombozi, kuti adzafotokoze.

Dokotala Thombozi anali mayi wamfupi, woyenda mofulumira, wosazolowera kuzungulira polankhula. Anauza bwalolo kuti munthu amagona pa kabedi kopapatiza, kabediko n'kulowa m'chibowo cha makina ooneka ngati donasi wamkulu. Makinawo amajambula m'kati mwa thupi magawomagawo, monga amadulira buledi, koma popanda mpeni. Dokotala amayang'ana gawo lililonse motsatana, n'kudziwa pamene pali vuto, kukula kwake, ndi zimene zayandikana nalo. Tsono akadzatenga mpeni amakhala atayenda kale njira yonse ndi maso.

Nduna zinaomba m'manja mpaka a Gwadani anafunsa kuti kodi mfumu ikagona pa kabediko, mitu ya anthu ena ikhala kuti. Lamulo la dzikolo linkati pasapezeke mutu woposa wa mfumu, choncho dokotala ndi anamwino anayenera kugwira ntchito atagona chafufumimba pansi pa bedi. Dokotala asanayankhe, zinamvekanso kuti makinawo amalankhula, ndipo amauza wodwala kuti akoke mpweya, augwire, asagwedezeke. Apa bwalo lonse linangoti kukamwa yasa. Chiyambire dziko la Zilibwino palibe anauzapo mfumu nthawi yopuma, ndiye chiyambe ndi chitsulo chobwera pa sitima? Anakambirana kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nkhomaliro, n'kugwirizana chimene chinali chodziwikiratu: akagone ndi a Ngozo.

"Pepani nduna," anatero Dokotala Thombozi, "koma mimba ya a Ngozo ndi ya a Ngozo."

"Mwakhalitsa kunja, dokotala," anayankha a Gwadani mwachifundo. "Kuno tili ndi chikhalidwe."

Lachiwiri lotsatira a Ngozo anapita ku chipatala pa galimoto yachifumu, apolisi a njinga zamoto patsogolo, gulu la malipenga pambuyo. Anawabaya mankhwala opangitsa mitsempha ya magazi kuoneka bwino pa chithunzi, anagona, makina anawauza kuti agwire mpweya, iwo n'kugwira mosavuta chifukwa kumvera anali atakuzolowera. Zithunzi zinayamba kutuluka pa kompyuta chimodzichimodzi. Zitafika cha pa impso ya kumanzere, nkhope ya dokotala inasintha. Panali chinthu chozungulira, chachikulu ngati ndimu, chimene sichinayenera kukhalapo.

A Gwadani anasuzumira n'kufunsa kuti chimenecho n'chiyani. Dokotala anati ndi chotupa. A Gwadani anazimitsa kompyuta ndi chala chawo chomwe, nati m'kati mwa mfumu simungakhale chotupa, ndipo analamula kuti zithunzi zonse zinyamulidwe kupita ku bwalo. Bwalolo linakhala masiku atatu. Tsiku lachinayi wailesi inalengeza kuti sayansi yatsimikiza zimene anthu okhulupirika ankadziwa kale: m'kati mwa Mfumu Salakwa mwapezeka Chikondi cha Mfumu pa Anthu Ake, chozungulira bwino, ndipo chikukulabe. Zithunzizo zinasanduka chinsinsi cha boma. Makina aja, poti anali ataona m'kati mwa mfumu, anawalumbiritsa, anawapatsa udindo wa Nduna Yopanda Unduna, anawafunditsa nsalu yofiira, n'kutseka chipinda ndi maloko atatu.

Nankhoma anapita kwa dokotala atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Sanafune zonyengerera. Anafunsa ngati amuna awo afe.

"Chotupacho chikasiyidwa, inde," anatero Dokotala Thombozi. "Chili pafupi ndi mtsempha waukulu wa magazi. Chikaugwira, ine ndilibenso chochita, ndipo ndikuona ngati tili ndi miyezi iwiri. Koma lero ndikhoza kuchichotsa, mayi."

"Nanga mukudikira chiyani?"

"Zithunzi. Ndinaziona kwa mphindi imodzi yokha. Anthu ena mu impso yawo mumalowa mtsempha umodzi, ena iwiri, ndipo wachiwiriwo umabisala. Ndikalowa ndi mpeni osadziwa, n'kuudula, a Ngozo athera pa tebulo langa. Sindilowa m'thupi la munthu mongoyerekeza."

Nankhoma anatuluka. Anapita ku ofesi ya a Gwadani kasanu. Ulendo woyamba anawauza kuti nduna ili pa msonkhano, wachiwiri kuti ikupuma chifukwa cha msonkhano uja, ndipo wachisanu nduna yeniyeniyo inawafotokozera mokoma mtima kuti munthu wamba sangapemphe chinsinsi cha boma, komanso kuti ayenera kunyada poti amuna awo ndiwo akusungira mfumu chinthu cha mtengo wapatali chotere. Masabata atatu anatha motero. A Ngozo ankangowauza kuti asavutike, ndipo kufatsa kumeneku ndiko kunkawapsetsa mtima Nankhoma koposa matendawo.

Koma m'Zilibwino chinsinsi cha boma ndi chinthu chimene sungachipemphe, ngakhale ungathe kuchivala. Bwalo la Inde linakhazikitsa Tsiku la Chikondi cha Mfumu, ndipo tsiku lalikulu lopanda chitenje chake kumeneko kulibe. Zithunzi zija anazitumiza ku fakitale ya nsalu ndi lamulo lakuti adinde chithunzi cha m'kati mwa mfumu. Mkulu wa pa fakitalepo atatsegula anapeza zithunzi makumi anayi, ndipo anagwidwa nthumanzi. Akasankha chimodzi, adzamufunsa kuti zinazo wazinyoza chifukwa chiyani. Akafufuta kanthu, adzati wadula mfumu. Choncho anadinda zonse makumi anayi, chilichonse chitenje chakechake, osasiya kanthu: nambala ya chithunzi, zilembo zosonyeza kumanja ndi kumanzere, ngakhale karula kakang'ono ka m'mphepete. Zitenjezo anagawira amayi a pa msika wa Manong'onong'o, amene anasankhidwa kuti akavine pa tsikulo.

Pa msika anazilandira ndi ulemu wonse. Wogulitsa nyama wina anayang'anitsitsa n'kunena kuti iye ndi munthu wosaphunzira, koma chinthu chofanana ndi chimenecho amachidula tsiku lililonse n'kugulitsa kwa anthu okazinga chiwaya. Mayi wina wa tomato anaona kuti Chikondicho chili mbali imodzi yokha, nati tsopano wamvetsa chifukwa chake msewu wa tala unangolowera mbali imodzi ya dziko. Wosoka nsapato anafunsa ngati chimapatsirana, chifukwa ngati n'choncho nduna zinabayitsa katemera.

Nankhoma analandira chitenje cha nambala khumi ndi ziwiri. Anachivala ndi mkwiyo, n'kuyenda nacho mpaka ku chipatala kuti dokotala akaone mmene dziko likuseweretsera moyo wa amuna awo. Analowa akulankhula kale. Dokotala Thombozi sanamve ndi liwu limodzi lomwe. Anaimirira, anavala mandala, n'kuwauza kuti atembenuke. Kenaka anagwada kumbuyo kwawo, n'kuyang'anitsitsa chitenjecho.

"Mayi, zitenje zimenezi zilipo zingati?"

"Makumi anayi."

"Zonse zosiyana?"

"Zonse. Aliyense nambala yake."

"Kodi mungathe kundiimikira amayi onsewo pa mzere umodzi, motsatira manambala, atandifulatira?"

Nankhoma anali asanasekepo mwezi wathunthu. Tsiku limenelo anaseka mpaka namwino anasuzumira pakhomo.

Kuyeserera gule kunkachitika Lachinayi lililonse m'mawa pa bwalo la kuseri kwa msika. Nankhoma anayenda benchi ndi benchi, ndipo pa msika wa Manong'onong'o nkhani sisowa miyendo. Pofika Lachinayi mayi aliyense ankadziwa kuti pali kavinidwe katsopano kotchedwa Mzere wa Ulemu, ndipo aliyense ankadziwanso chifukwa chake chenicheni, ngakhale palibe anachitchula. Onse ankawadziwa a Ngozo. Ndi aja ankathandiza amayi kutula madengu osadikira kupemphedwa.

Dokotala anafika ndi kope, pensulo, ndi tepi yobwereka kwa telala. Lamulo linkati aliyense woona chithunzi cha mfumu agwade, choncho panalibe mlandu uliwonse pamene anagwada kumbuyo kwa nambala wani, n'kuyamba kuyenda chogwada kutsata mzere. Pa chitenje chilichonse ankayamba wayeza karula ka m'mphepete kaja kuti adziwe mmene fakitale inakulitsira chithunzi, kenaka n'kuyeza zinazo, n'kujambula m'kope.

Ntchitoyo sinali yophweka. Pa nambala naini dokotala anasokonezeka, chifukwa ziwalo zonse zinali zitasamukira mbali ina. Atayang'anitsitsa anaona kuti zilembo zatembenuka: mwini wake anali atavala chitenje kunja kukhala m'kati poopa kuchidetsa tsiku lisanafike. Nambala khumi ndi zisanu ndi ziwiri anali mayi wa thupi lake, wogulitsa mandasi, ndipo pa iwo chotupa cha ngati ndimu chinakula kufika pa dzungu. Anachita kuwapempha kuti amasule, anzawo awiri n'kuchitambasula m'mwamba, iwo akudandaula kuti aka n'koyamba kuuzidwa kuti akukokomeza nkhani ndi kumbuyo. Nambala makumi awiri anali ataberekera mwana chitenje chake, ndipo mwanayo anali atawonjezera zake pa chikondi cha mfumu. Dokotala anadikira kuti chiume.

Atafika pa makumi awiri ndi ziwiri, anaona mtsempha ukuyandikira impso. Anasuntha mawondo kuti aone makumi awiri ndi zitatu, n'kupeza mpata. Kenaka makumi awiri ndi zinayi, pamene mtsemphawo unali utalowa kale. Chithunzi chimene chinali ndi yankho ndicho chinasowa.

Nambala imeneyo anali nayo Mayi Gwadani, akazi a nduna, amene anali mtsogoleri wa gule. Anaisankha okha chifukwa ndi pamene Chikondi chinkaoneka chachikulu koposa. Iwo sankaima pa mzere ndi anthu ogulitsa nyemba. Ankakhala pa mpando pansi pa ambulera, ndipo chitenje chawo anali atachipereka kwa telala, amene anachidula n'kusoka diresi la mikono yotukumuka. Theka la chithunzi linali pa chifuwa. Theka linalo, limene dokotala ankalifuna, linali litalowa kunsi kwa mkono, cha kukhwapa.

Amayi onse anayang'ana Nankhoma. Iwo anapukuta manja pa chitenje, anayenda mpaka pa ambulera paja, n'kugwada. Anali ataganiza mabodza angapo m'njira, koma atafika onse anawathawa.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "chimene chili pa diresi lanuli si cha mfumu. Ndi cha amuna anga, ndipo chikuwapha. Dokotala akufuna aone kukhwapa kwanu."

Mayi Gwadani anawayang'ana kuchokera ku duku mpaka ku zidendene. Anali akazi a nduna zaka makumi awiri, ndipo ankadziwa bwino zimene khutu liyenera kumva ndi zimene liyenera kuphonya.

"Sindinamve kanthu, kuli phokoso," anatero mokweza. Kenaka anaimirira. "Inu amayi, mikono yanu mukuikweza ngati mukuthamangitsa nkhuku. Taonani mmene amakwezera mkono pamaso pa mfumu. Ndiima chonchi mpaka aliyense aphunzire."

Anakweza mkono wa kumanja m'mwamba, n'kuima njo pa dzuwa, osagwedezeka, kwa mphindi khumi zathunthu. Dokotala anakwera pa kreti ya mabotolo, mphuno pafupi ndi khwapa la akazi a nduna, akutambasula nsalu ndi zala. Pamenepo, pafupi ndi msoko wa telala, panali kamzere koyera kachiwiri, kopyapyala, kodutsa kuseri kwa chotupa. Anakajambula m'kope kawiri, n'kutsika, n'kubwerera pa mawondo kukamaliza mzere.

Ali pa nambala makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, galimoto ya a Gwadani inaima pa bwalopo. Nduna inatsika, inaona dokotala wa maopareshoni akuyenda chogwada m'fumbi, mawondo atanyuka, akulemba m'kope chilichonse cha pa chithunzi cha mfumu, ndipo maso ake anadzaza misozi. Inalankhula kwa ola limodzi. Inati ngakhale anthu ophunzira kunja amabwerera ku chikhalidwe, ndipo inalamula kuti madokotala onse a m'dzikomo azichita chimodzimodzi Lachinayi lililonse. Dokotala Thombozi anathokoza, n'kupempha ngati angamalize ziwiri zotsalazo.

Opareshoni inachitika Lolemba m'mawa. Pa khadi analemba kuti wodwala ndi Fanuwelo Ngozo, munthu wamba, ndipo poti munthu wamba palibe amamulondola, palibe analetsa. Kope lija analitsamiritsa pa shelefu m'chipinda cha opareshoni, lotsegula. Panja pa kapinga panakhala amayi a pa msika, atasiya mabenchi awo, atavala zitenje zawo, ndipo mosadziwa anali atakhalanso motsatira manambala. Nankhoma sanathe kukhala. Ankayenda kuchoka pa mtengo wa mbawa kufika pa mpopi n'kubwerera, akuwakalipira amuna awo mumtima kuti akangoyerekeza kufa adzaona.

Patatha maola anayi dokotala anatuluka, akuvula chophimba kukamwa.

"Unalipo mtsempha wachiwiri," anatero, "pomwe paja telala anadutsitsa msoko. Ndaumanga bwinobwino. Chotupa chatuluka chonse, ndipo theka la impso ndawasiyira."

Nankhoma anakhala pansi pomwepo, pa simenti, n'kulira kulira kumene anakusunga miyezi yonseyo. Mayi wa mandasi ndiye anayambitsa nthungululu.

Nkhani itafika ku Bwalo la Inde kunali chipwirikiti. Chikondi cha Mfumu chinali m'botolo pa chipatala cha Mubwerenso, Tsiku la Chikondi litatsala masiku asanu. Ena anati dokotala amangidwe. Koma a Gwadani anakumbutsa anzawo kuti iwo omwe anali atamuyamikira dokotalayo pagulu kwa ola lathunthu, ndipo nduna singayamikire munthu wolakwa. Choncho wailesi inalengeza kuti Mfumu Salakwa yachitidwa opareshoni yopambana, kuti chikondi chake chinakula mpaka sichikanathanso kukwana m'thupi limodzi, ndipo kuti tsopano mfumu yachira kotheratu.

Mwambo unkafuna kuti mfumu ipite ku chipatala kukaona mmene ikuchirira. Inalowa m'chipinda cha a Ngozo itawerama pang'ono, dzanja lili pa mimba, nkhope itatuwa. Inatulutsa nduna zonse. Nankhoma anakana kumva kuti nawonso akuuzidwa, n'kukhalabe pa mpando wawo ndi fulasiki ya phala.

"Ngozo," inatero mfumu, itakhala m'mphepete mwa bedi, "akuti ndachira."

"Nanenso ndamva pa wailesi, mfumu."

"Nanga chikundiluma apachi n'chiyani?"

Zaka khumi ndi zinayi a Ngozo anali asanaitsutsepo mfumu. Anayang'ana akazi awo, ndipo diso limene analandira linali loopsa kuposa mfumu iliyonse.

"Chimene achotsacho chinali changa, mfumu. Chanu chikadali momwemo. Makina aja ali kuseri kwa khoma ili, ndipo kugona kwake n'kwa mphindi zisanu. Sikuwawa."

Mfumu inayang'ana khomalo. Ndikanakonda kukuuzani kuti inavula chisoti n'kukagona pa kabedi kaja, koma ndikanama. Inaganiza mozama, monga inaphunzitsidwira, ndipo inafika pa mfundo ziwiri. Yoyamba inali yakuti Msenzi wakhala akudwala matenda akeake pa nthawi ya ntchito. Yachiwiri inali yakuti ngati matenda a mfumu sanapezeke mwa a Ngozo, ndiye kuti ali mwa munthu wina.

Madzulo a tsiku lomwelo lamulo linatuluka. Maloko atatu aja athyoledwe. Nduna Yopanda Unduna ibwerere pa ntchito. Munthu aliyense wa m'Zilibwino amene akumva kuwawa pena paliponse, kaya ndi wa m'tauni kaya wa kumudzi, akagone m'makinamo m'dzina la mfumu mpaka matenda a mfumu atapezeka. Ndipo chilichonse chopezeka chimene si cha mfumu chichotsedwe msanga, kuti chisasokoneze kafukufuku. Ulendo uno Dokotala Thombozi sanatsutse. Anangofunsa ngati angawonjezeredwe anamwino, ndipo poti nkhani inali ya thanzi la mfumu, anamupatsa makumi atatu ndi jenereta.

A Ngozo anachotsedwa ntchito mochititsa manyazi. Kalata yake inati, monga chilango, kuyambira tsopano azimva zowawa zawo zokha. Nankhoma anaiika m'felemu.

Patha miyezi isanu ndi itatu tsopano. Mzere wa pa chipatala cha Mubwerenso umayambira pa khomo mpaka pa siteji ya minibasi. Mwa wosoka nsapato uja munapezeka mwala wa mu impso, mwa mayi wa tomato chotupa cha m'chiberekero, mwa mphunzitsi wina magazi oundana m'mutu kuchokera pa ngozi ya njinga, ndipo onsewa akuyenda. Matenda a mfumu okha ndiwo sakupezeka. Madzulo alionse wailesi imapepesa mtundu wonse n'kulonjeza kuti kafukufuku apitirira, ndipo mfumu imadya bakha wake n'kubuula yokha, poti udindo wa Msenzi palibe akuufunsira.

A Ngozo masiku ano amakhala pa benchi ya akazi awo, akusankha nyemba. Masaya abwerera, lamba wabwerera pa bowo lake lakale, ndipo amakalipiridwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, zimene zikuoneka kuti zikuwayanja. Lachisanu lapitali amayi a pa msika anali ndi mapemphero awo a masana pansi pa shedi ya tomato, ndipo anapempha Nankhoma kuti atseke. Iwo anaimirira, dzanja limodzi lili pa phewa la amuna awo, n'kutsinzina.

"Ambuye, tikuthokoza chifukwa cha bambo awa, amene mwandibwezera. Tikupemphereranso mfumu yathu. Muichiritse ndithu, Ambuye, pakuti ikuvutika. Koma musafulumire. A kwathu kumudzi sanajambulidwe."

Msika wonse unati ameni.